Matabwa Pamwamba pa Matailosi

Rosettenville, Joni
9 Meyi 2005

Amayi, ndikuopa kuti andilanda Thandie. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zimene zikundisowetsa mtendere, moni akubwera pambuyo.

Muli bwanji kwa Nthache? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga achimwene a Langton ndi alamu a Liness? Alamu, ndikudziwa kuti ndinu amene mukuwawerengera amayi kalatayi. Chonde muwerengere m'nyumba, osati pakhonde pamene pamadutsa anthu opita kudimba. Ife kuno tilipo, kungoti kwayamba kuzizira, kuzizira kwake kolowa m'mafupa.

Nkhani ndi iyi. A Flossie mukuwadziwa, mwana wa malemu a Sankhani a kutsidya kwa mtsinje, aja anachoka kumudzi ine ndili Sitandade 3. Ndi amene anatipezera ntchito kwa dona wawo. Iwo amagwira ntchito ya m'nyumba ndipo amagona m'kachipinda ka kuseri. A Zakeyu, bambo a Thandie, akukonza khitchini ya donayo, ine ndimawathandiza kupala makoma ndi kutsuka mabulashi. Masana Thandie amakhala ndi a Flossie kuti asapume fumbi.

Sabata yatha mwana anatentha thupi. Ine kuchipatala ndinaopa, chifukwa masiku a m'pasipoti mwanga anatha mu Epulo. A Flossie ali ndi chitupa cha kuno, ndiye anati, "Bwera naye kuno, ndikamuonetsa ndine." Ndinathokoza mpaka kugwada. Mwana anachira ndithu. Koma dzulo ndikufunafuna chipewa chake m'chikwama cha a Flossie ndinapeza khadi la kuchipatalako. Chizungu sindichidziwa kwenikweni, koma dzina ndimatha kuwerenga. Pa mayi analemba Flossie. Pa bambo analemba Zakeyu.

Nditawafunsa anangoseka. "Iwe Esime, umafuna ndilembetse dzina lako kuti akutsatire? Mwana wachira, m'malo mothokoza ukundizenga mlandu?" Ndinawauza bambo a Thandie, iwo akuti ndili ndi mtima wa kumudzi.

Mwina ndi zoona. Koma a Flossie alibe mwana, zaka zonsezi, ndipo mmene amamuyang'anira Thandie akamadya, kaya. Pasipoti yanga, mmene munalembedwa dzina la mwanayu, amasunga ndi bambo ake, akuti ine ndingataye.

Ndiye chonde, khadi la kusikelo la Thandie, lija la ku Mwanza, lili m'sutikesi yanga yobiriwira, m'kati mwa Baibulo. Muwapatse achimwene akalipereke kumalire kwa kondakitala yemweyu amene wabwera ndi kalatayi. Ndaikamo marandi 150, akasinthe komweko mugule chimanga chisanakwere, paja ndamva kuti mvula inadula chimanga chikungomasula. Mbuzi ya mawanga ija musagulitse.

Ndine mwana wanu,
Esime


Rosettenville
22 Meyi 2005

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse. Ife tili bwino, Thandie wanenepa, tsopano akutha kunena "basi" ndi "galu". Yanu ndalandira. Mawu a achimwene ndawamva, akuti ndisawachititse manyazi a Flossie amene atisunga m'dziko la eni. Inunso mwati banja ndi kupirira. Ndamva. Zimene ndinalemba zija muziiwale, mwina kunali kuzizira kumeneku. Koma khadi lija litumizeni basi.

Lero ndikuuzeni chinthu choti museke. Kupenta tamaliza, tayamba za pansi. Khitchini ya dona ili ndi matailosi oyera, akale koma osasweka, oti kwathuko munthu angaitane mudzi wonse kudzaona. Dona akuti awatopetsa. Agula matabwa opyapyala, osalala ngati tebulo la mu ofesi, amene amalumana okha m'mbali popanda msomali kapena guluu. Ndipo matailosiwo sitichotsa ayi, matabwa tingoyala pamwamba pake. Ndinafunsa kuti bwanji osagumula kaye. Bambo a Thandie akuti kugumula ndi sabata yathunthu, fumbi nyumba yonse, ndipo dona safuna phokoso. Chofunika n'chakuti matailosi onse akhale ogwira bwino ndiponso pouma, chifukwa matabwa amenewa mdani wake ndi madzi.

Bambo a Thandiewo anangoyenda pamwamba ndi nsapato, kupondaponda, akuti, "Ali bwino awa." Ine ndinakumbuka inuyo mukaphula mbiya zanu pamoto, mmene mumazigogodera ndi chala kuti mumve yamng'alu. Ndinatenga supuni, kugwada, kuyamba kugogoda imodzi imodzi kuchokera pakhomo. Yogwira bwino imalira ngwe ngwe. Nditafika pafupi ndi sinki kulira kunasintha, kunali phu phu ngati mbiya yakufa. Ndinawerenga khumi ndi imodzi. Mizere ya pakati pake ndi yakuda, ndipo ukaikapo tsaya pamazizira mosiyana ndi pena ponse, kafungo ngati ka pansi pa mtsuko.

"Bambo a Thandie, apa pali madzi pansi."

"Wakhala pulambala liti iwe?"

"Tamverani nokha."

Anagwada, anamvera. Kenaka anaseka, akuti, "Mwana wa woumba mbiya ameneyu, khutu ngati la mleme."

Nthawi yomweyo dona analowa, anandipeza ndikukwawa ndi supuni. Anafunsa kuti ndikuchita chiyani. Ine ndinawauza a Flossie kuti, "Auzeni kuti apa matailosi anatayana ndi simenti, pansi pakudutsa madzi, aitane munthu wa mapaipi tisanayale." A Flossie anayankhula Chizungu chawo chothamanga chija. Dona anamwetulira, kuomba m'manja, "Gudu, veri gudu!" Mpaka anakatenga juzi yofiira kudzandipatsa. Azungu ndi anthu odabwitsa, amayi. Munthu kumuuza kuti m'nyumba mwako mukudontha, iye kusangalala.

Munthu wa mapaipi sanabwerebe, kaya abwera mawa.

Manachesi a kuseri kwa khola akapsa musawagulitse kwa mavenda onse pamodzi ali mumtengo ngati chaka chatha, anakuberani. Alamu akagulitse okha pamsewu.

Wanu,
Esime


Rosettenville
5 Juni 2005

Amayi,

Moni nonse. Ine ndili ndi chimfine pang'ono, mwana ali bwino. Pepani za maliro a agogo a kwa a Liness, ndamva kwa kondakitala.

Pansi paja tayala. Munthu wa mapaipi sanabwere. Lolemba m'mawa ndinawakumbutsa bambo a Thandie, ndinati tingozula tailosi imodzi yokha tione. Anandiyang'ana diso lija mukulidziwa.

"Ukazula imodzi wazula zonse. Ukudziwa kuti paipi ikapezeka yoboola ntchito iima mwezi? Tidya chiyani, supuni yakoyo?"

"Nanga dona anati chiyani?"

"Dona anati tiyale. Gwira uko."

Ndinagwira. Poyamba tinayala chipepala cha pulasitiki, pamwamba pake china chofewa ngati siponji. Kenaka matabwa, kuyambira kukhoma la kuwindo. Umalowetsa mlomo wa thabwa m'kamwa mwa linzake, kukanikiza, limalira kha, basi lagwira. Iwo amadula ndi sowo panja, ine ndimalumikiza. M'mphepete mwa khoma timasiya kampata kolowa chala, akuti thabwa limapuma. Pofika pa sinki paja manja anga anakana. Ndinaona kuti pansi pa pulasitiki pachita kale thukuta. Iwo anandikankha pang'ono, kuyala okha malo amenewo, msangamsanga, akuimba mluzu.

Masiku atatu tinamaliza. Kukongola kwake, amayi, simungakhulupirire kuti pansi pake pali zina. Dona anavula nsapato n'kuyendapo ndi masokosi okha.

Kenaka anabweretsa pepala loti amene wagwira ntchito asaine. Bambo a Thandie anandikokera pambali. Paja mukudziwa kuti anagwidwapo mu 2002 n'kubwezedwa kumudzi, ndiye akuti dzina lawo lili m'mabuku a apolisi, silifunika kuoneka papepala lililonse. Anatulutsa pasipoti yanga m'thumba la jekete, dona anakopera nambala, ine ndinalemba dzina langa pansi. A Flossie anati ndi pepala longosonyeza kuti ntchito yatha. Pasipoti inabwerera m'jekete ndisanaigwire n'komwe.

China chimene chandipweteka ndi ichi. Tikuweruka ndinapita kuseri kukatenga mwana. Ndinamupeza atavala diresi yatsopano ya pinki, akudya yogati. Ndinati, "Thandie, tiye kwathu." Iye anagwira siketi ya a Flossie, akuti, "Mama." A Flossie akuti ana a kuno aliyense wamkulu amamutchula choncho. Ine amanditchula "ama" monga kale. Ndinamubereka akulira mpaka pokwerera minibasi.

Khadi la kusikelo silinafike. Munatumiza? Afunseni achimwene tsiku limene anapereka.

Ndatumiza bulangete limodzi ndi sopo. Bulangetelo ndi lanu, musawapatse alendo.

Esime


Rosettenville
26 Juni 2005

Amayi anga,

Muli bwanji? Ndasangalala kumva kuti nandolo wachita bwino ngakhale chimanga chinakana. Ife tilipo.

Mwati khadi munatumiza pa 27 Meyi. Ndinapita ndekha ku siteshoni kukamudikira kondakitala. Anandiuza pamaso panga kuti envelopu anapereka m'manja mwa a Zakeyu, tsiku lomwe basi inafika, ndipo anamugulira fanta. Nditafunsa kunyumba, bambo a Thandie akuti kondakitalayo ndi chidakwa, sanalandire kanthu. Ndasanthula m'chipinda monse, m'matumba, pansi pa matiresi, mulibe. Ndiye wabodza ndani, amayi? Ine ndisanene.

Kwa dona ine sindikupitakonso. Bambo a Thandie akuti ntchito yotsala ndi ya mpanda wa njerwa, si ya akazi. Ndapeza ganyu yochapa kwa Amwenye ena kuno, masiku awiri pa sabata, mwana ndimapita naye kumsana. Bambo ake masiku ena sabwera, akuti amalondera simenti kuti asabe.

Loweruka lapitalo a Flossie anabwera ndi nkhuku yophika kale, akuti, "Ndibwereke mwana ndikamuonetse kumashopu, iwe upumeko." Bambo ake anali pomwepo, ndikanakana bwanji? Anabwera naye madzulo atamuboola makutu, ndolo zagolide zikulendewera. Osandifunsa ine. Mwana wa zaka ziwiri, makutu ofiira ngati tomato.

Ndinati, "Achemwali, kwathu mwana saboola makutu mayi ake osadziwa."

Akuti, "Kuno si kwanu. Ndipo mwana wa Zakeyu sangamaoneke ngati wa m'makala."

Anati Zakeyu, amayi, dzina lokhalokha, ngati akuitana mng'ono wawo. Mwini wake anangoyang'ana pansi akumenya nkhuku.

Lachiwiri ndinapita kwa dona mwadzidzidzi kukapereka makiyi amene bambo a Thandie anaiwala. Sindinalowe, ndinaima pageti. Pachingwe cha kuseri, pakati pa zovala za a Flossie, panali zinthu zina za a Zakeyu zimene ndimazidziwa chifukwa ndinazisoka ndekha. Alamu, apa mungodumpha, amayi asamve zonse.

Achimwene a Langton ndi ankhoswe anga. Tsiku la chinkhoswe anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti chikavuta tiziwauza iwo. Ndikuwauza tsopano. Ndikudziwa kuti a Zakeyu ndi mnzawo kuyambira ali anyamata osintha ndalama limodzi kumalire, koma ine ndi mlongo wawo, ndipo Thandie ndi mbumba yawo. Alembe kalata, awafunse a Zakeyu za khadi ndi za pasipoti yanga. Mawu a achimwene okha ndi amene amawaopa.

Za feteleza ndamva, ndiyesetsa mwezi wamawa.

Mwana wanu,
Esime


Rosettenville
17 Julayi 2005

Amayi,

Moni. Sindinadwale, kungoti sindikudya bwino. Mwana ali bwino, makutu anapola.

Yankho la achimwene ndalandira. Akuti nkhani za m'banja sazikamba pakalata, adzazimva tikabwera pa Khirisimasi. Chabwino. Khirisimasi ili kutali, amayi.

Pansi paja patupa. Lachinayi bambo a Thandie anabwera m'mawa ndi nkhope ina, akuti tiye ukandithandize. Dona anapita ku Kepi kwa mwana wawo, abwera pa 28. Nditalowa m'khitchini ndinagwira pakamwa. Kuyambira pa sinki mpaka pa firiji matabwa adzuka ngati mizere ya mbatata. M'mphepete mwake afufuma ngati buledi wogwera m'madzi, ukaponda madzi akuda amatuluka m'mizere. Chitseko cha kabati ya pansi sichikutsekeka. Fungo lake ngati m'bafa ya udzu nthawi ya dzinja.

Ndinati tizule, titseke madzi, tiwaimbire dona. Iwo ayi. Tinanyamula matumba anayi a simenti kusanjika pamwamba kuti matabwa agone. Thabwa lonyowa lingagone ndi simenti? Masiku awiri tachita zimenezi, tikachotsa matumba limadzukanso. Mapeto ake anayalapo kapeti.

Iwo atapita kukataya zinyalala ndinatsala ndi a Flossie. Ndinati, "Achemwali, dona akabwera muwakumbutse kuti ine ndinanena. Tsiku la supuni lija, munawauza ndinu."

Anapitiriza kupukuta mbale. "Ndinawauza, inde."

"Munawauza kuti chiyani?"

"Kuti wayesa tailosi iliyonse ndipo zonse zili bwino, pouma."

Ndinakhala pansi ponyowa pomwepo. Ndiye juzi ija anandipatsira zimenezo.

"Chifukwa chiyani, achemwali?"

"Ukanafuna ntchito iime? Unadya nawo ndalama yake kapena sunadye? Ndipo usandiyang'ane choncho, papepala paja si ine ndinasaina."

Pepala lija, amayi, si longonena kuti ntchito yatha. Ndawakakamiza mpaka anandiuza. Limanena kuti amene wasaina ndiye anaona pansi asanayale, ndipo zikaonongeka mlandu ndi wake. Dzina ndi langa, nambala ya pasipoti ndi yanga, ndipo masiku ake anatha. Dona akaitana apolisi, amene akwere galimoto ndine. Anthu opanda mapepala amawasunga kumpanda kwina kunja kwa tauni, kenaka n'kuwatumiza kwawo. Nanga mwana amene khadi lake likunena kuti mayi ake ndi a kuno, angamukweze nane?

Ndinawafunsa bambo a Thandie funso lomweli pobwerera. Anati, "Ukuganiza kwambiri." Ndinati ndipatseni pasipoti yanga ndizipita ndi mwana dona asanabwere. Anati ndalama ya basi palibe. Ndinati ndigulitsa juzi ndi mapoto. Anangotsika pa siteji ina.

Musawauze anthu a kutchalitchi. Mungondipempherera inuyo.

Esime


City Deep, pamalo oimika mathiraki
29 Julayi 2005

Amayi,

Ndili moyo, mwana ali ndi ine. Muli bwanji inu? Adiresi yasintha, musatumizenso kanthu ku Rosettenville.

Dona anabwera dzulo. Lero m'mawa bambo a Thandie anati tonse tipite, ndi mwana yemwe, tikapepese. Ine ndinaganiza kuti mwina mtima wawo wabwerera. Titafika a Flossie anamulandira mwana pageti monga mwa masiku onse.

M'khitchini munali mzungu wa mapaipi. Anali atazula matabwa, ataswa matailosi a pa sinki, omwe aja khumi ndi imodzi. Pansi pake matope okhaokha, paipi ili ndi mng'alu wotalika ngati chala. Akuti yakhala ikudontha mwina chaka. Kale madzi ankauma okha kudzera m'mizere ya matailosi, koma ife titaphimba ndi pulasitiki anasowa kopita, analowa m'matabwa ndi m'makabati. Makabati onse a pansi awola.

Dona anali atagwira pepala lija, nkhope yofiira, akundiloza. Ndinayesa Chizungu changa cha Sitandade 6. Ndinati, "Madamu, mi ayi tolodi, wota, wota." Ndinatenga supuni kuwaonetsa. Anaganiza kuti ndikuwaseka. Ndinatembenukira kwa bambo a Thandie, ndinati, "Nenani zoona, munamva nokha ndi khutu lanu." Anayankhula ndi dona m'Chizungu, manja atatambasula, mutu akupukusa, ngati munthu amene wanamizidwa naye.

Ndiye dona anatembenukira kwa a Flossie amene anaima pakhomo ndi mwana m'manja. Mawu ambiri anandidutsa, koma ena ndimawadziwa. Anati "yowa hazibandi" akuloza a Zakeyu. Anati "yowa bebi" akuloza Thandie. Ine anati "kazini".

Amayi, miyezi inayi ndakhala ndikulowa m'nyumba imene ija ngati msuweni wodziwa za pansi. Dona akudziwa kuti a Zakeyu ndi amuna a a Flossie ndipo Thandie ndi mwana wawo. Awiriwa anawauza choncho kuyambira tsiku loyamba, ine ndikumwetulira pambali osamva kanthu.

Ndinati, "A Zakeyu, ine ndine ndani?"

Anati, "Osachita phokoso pano, tikakamba kunyumba."

Dona anapita kuchipinda chochezera kumene kuli foni. Mulungu yekha, nthawi yomweyo mwana anadzikodzera, mkodzo kutsikira pa yunifomu ya a Flossie. Anamutsitsa pansi akukuwa, kuthamangira kukatenga nsanza. Thandie anabwera yekha kwa ine, akuti, "Ama, nanyowa." Ndinati ndikamusinthe panja. Ndinamuponya kumsana, kumanga chitenje, kutuluka pageti osathamanga. Nditakhota pakona ndiye ndinathamanga, nsapato imodzi inatsala mumsewu.

Kuchipinda sindinapite. Ndabwera kuno kwa mayi Olímpia, amene amaphikira madalaivala a mathiraki. Kwawo ndi ku Zobue, kutsidya kwa malire athu, koma nthawi ya nkhondo anakhala kwathu konko zaka zisanu ndi ziwiri, akuti mwina anagulapo mbiya yanu. Andipatsa malo kuseri kwa kontena imene amaphikiramo. Ndilibe chovala china, ndilibe pepala lililonse. Madalaivala awiri ndawapempha, onse akana. Akuti munthu wamkulu angathe kumubisa, koma mwana wopanda pepala akalira pa Beitbridge, iwo amangidwa ngati akuba ana.

Ndaimba foni ku byuro ya kumalire kuti awaitane achimwene. Akuti sanaoneke.

Esime


City Deep
1 Ogasiti 2005, Lolemba

Amayi, andipeza. Moni ndilibe.

A Zakeyu anabwera dzulo masana. Kuno amakudziwa, Amalawi onse amadzera pano. Ndinali ndikusenda anyezi, mwana ali kumsana. Mayi Olímpia anaima pakati pathu ndi chipande, akuti, "Yankhulirani pomwepo, bambo inu, apa ndi pa ine."

Anatulutsa pasipoti yanga ndi tikiti ya basi, kuziika pa benchi, dzanja lili pamwamba.

"Tenga uzipita. Dona wakasuma, apolisi akukufuna. Ine ndikukuthandiza."

"Nanga mwana?"

"Mwana atsala. Kumudzi kuli njala, ukamudyetsa chiyani? Kuno aphunzira sukulu ya azungu. Flossie amulembetsa, apeza chitupa, ifenso tikhala bwino. Ukadali mwana iwe, udzabereka ena."

Ndinati, "Munayamba liti kuganiza zimenezi? Tisanakwere basi ku Mwanza kapena titafika?"

Anabweza pasipoti m'jekete. Akuti andipatsa mpaka Loweruka. Ndikapanda kumupereka ndekha abwera ndi apolisi ndi khadi la kuchipatala lija, adzanena kuti msuweni waba mwana. Thandie anawaona akuchoka, anawaitana, "Dadi!" Sanatembenuke.

Kothawira kwina ndilibe. Mayi Olímpia akuti andisunga mpaka Loweruka, koma apolisi akabwera iwonso mapepala awo ndi okayikitsa, ndipo ali ndi ana atatu.

Ndaimbanso ku byuro kawiri. Kachiwiri mtsikana wa pafoni anati achimwene anali pomwepo koma anati adzaimba okha. Sanaimbe.

Kalatayi ndapatsa a Joao, dalaivala wa thiraki yoyera ya matayala, anyamuka masana ano, afika kumalire Lachitatu. Alonjeza kuti akwera njinga ya kabaza kudzakupatsani m'manja. Alamu a Liness, iyi yokha muwerenge mokweza, amuna anu ali pomwepo.

Achimwene, munalandira nkhuku ya chinkhoswe changa. Munandipereka ndinu kwa munthu ameneyu, munati mumamudziwa. Sindikukupemphani kuti mukonze banja, banja latha. Ndikupempha mudzaime pamaso pake monga mwini mbumba, mumuuze kuti mwanayu ali ndi kwawo, akupatseni pasipoti yanga m'manja. Inu sangakukanizeni. Mupite kwa abusa akupatseni kalata ya ubatizo wa Thandie, muli dzina langa. Pasipoti yanu ili ndi masiku, ndikudziwa.

Amayi, gulitsani mbuzi zonse, ndi sutikesi yomwe ngati ingagulike. Basi ya Lachinayi imadutsa pamalire m'mawa, imafika kuno Lachisanu. Ya Loweruka ndi yochedwa. Akatsika afunse minibasi ya ku City Deep, pageti la mathiraki afunse mayi Olímpia ophika, aliyense amawadziwa.

Akakana achimwene, musawanyengerere mpaka dzuwa kulowa. Gwirani ndodo yanu mupite kwa amalume, mupite kwa abusa, aliyense amene ali ndi pasipoti. Koma wina akwere basi ya Lachinayi. Bwerani, amayi, tumizani munthu, mwana ndamumanga kumsana ndipo sindimutsitsa mpaka nditaona nkhope ya kwathu.

Esime